Mkodzo wofiira si likodzo nthawi zonse: zimene banja lathu linaphunzira mochedwa

Kwathu kunyanja, kumunsi kwa mapiri a Chiweta m'boma la Rumphi, mnyamata akakodza magazi palibe amene amadzidzimuka. Yankho aliyense amakhala nalo kale: likodzo. Tonse tinakulira m'madzi. Kusamba kunyanja, kutsuka mbale kunyanja, kuthamangitsana m'mabango podikira mabwato a usipa. Akuluakulu ena amafika ponena kuti mkodzo wofiira ndi chizindikiro chakuti mwana wamwamuna akukula.

Ndiye mchimwene wanga, mzime wa m'banja mwathu, atayamba kukodza mkodzo wooneka ngati tiyi wopanda mkaka ali ndi zaka 6, amama sanataye tulo. Anapita naye kuchipatala, anapatsidwa praziquantel, anamwa, patapita masiku mkodzo unayera. Patatha miyezi ingapo anadwala chimfine, mkodzo unadanso. Anamwanso mankhwala omwe aja. Azaumoyo akabwera kusukulu kudzagawa mapiritsi a likodzo, iye ankakhala woyamba pamzere. Zinayenda choncho kwa zaka 9.

Lero ali ndi zaka 16, ali Fomu 2, ndipo m'mawa uliwonse amamwa kapiritsi koteteza impso zake. Likodzo mwina anadwalapo nthawi ina, ngati ana ena onse a kunyanja. Koma chimene chinkadetsa mkodzo wake zaka zonsezi ndi matenda ena amene ine, ndi digiri yanga yonse ya zofalitsa nkhani, ndinali ndisanawamvepo n'komwe: Alport syndrome. Nkhaniyi ndalemba iye ndi amama atandilola, bola ndisatchule mayina.

Tinkati ndi mwano

Chizindikiro chachiwiri tinachiona tonse, koma tinachipatsa dzina lolakwika. Ali Sitandade 7 anayamba kusayankha akaitanidwa. Adada ankati mwana wayamba makani. Aphunzitsi ake anamusamutsira kutsogolo kwa kalasi poganiza kuti kumbuyo amasewera. Ine nditayamba ntchito ku Mzuzu ndinamugulira kafoni, ndipo ndikabwera kumudzi n'kumupeza wakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndinkamukalipira kuti ma earphone amuphulitsa makutu. Ankangoseka n'kunena kuti, "Adumbu, inuyo ndi amene mumalankhulira pansi."

Adumbu ndi mmene mnyamata amaitanira mlongo wake kwathu. Mawu akewo amandiwawabe, chifukwa mwanayo ankanena zoona za mmene ankamvera, ife n'kumati ndi mwano.

Zinthu zinasintha pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chathachi. Ndinaona kuti akadzuka m'mawa zikope zimakhala zotupa, ngati munthu amene walira usiku wonse, kenako masana zimaphwa. Atandiuza kuti mkodzo wake umachita thovu lambiri losatha msanga, ngati madzi a sopo, ndinauza amama kuti ulendo uno tisakatenge mapiritsi okha, tikayezetse. Tinakwera minibasi kukwera Chiweta, kudutsa Phwezi, kukatsikira pa Bwengu, n'kukweranso ina yolowera ku boma kudzera pa Njakwa.

Ku labu anayeza mkodzo. Magazi analimo, mapuloteni analimo ambiri, koma mazira a likodzo sanapezeke. BP yake inali yokwera kwa mwana wa msinkhu wake. Adokotala amene tinawapeza tsikulo, bambo wachikulire ndithu, anatsegula kabuku ka kuchipatala n'kuyamba kuwerenga tsamba ndi tsamba. Anaona praziquantel, praziquantel, praziquantel. Kenako anamufunsa funso mchimwene wanga atayang'ana kumbali, iye sanayankhe. Anabwerezanso atamuyang'ana kumaso, anayankha. Apo m'pamene anatembenukira kwa amama: "Amama, kwanu kumene munabadwira, kuli mwamuna amene anamwalira akadali mnyamata, atatupa thupi, komanso ankamva movutikira?"

Amama anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Alipo awiri. Alongo anga."

Asibweni awiri

Amama kwawo ndi ku chigwa cha Henga, kufupi ndi Mhuju, kutali ndi nyanja. Kwathu mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, choncho ife tinakula tikudziwa kwambiri mbiri ya kuchimuna. Za asibweni athu, amalume m'Chichewa, ndinkangodziwa kuti anamwalira ndili wamng'ono. Wamkulu anapita ali ndi zaka 24, winayo 27. Onse awiri anatupa miyendo ndi nkhope, anasiya kudya, ankasanza, mkodzo unachepa, mpaka anatha.

Nkhani iliyonse inali ndi kufotokoza kwake. Wamkulu ankagwira ganyu pa mgodi wa malasha, ndiye kugontha kwake ankati ndi phokoso la makina. Wamng'ono ankati anapondetsedwa mankhwala chifukwa cha mkangano wa munda wa fodya. Agogo ena a pamudzipo anatchulidwa kuti ndi mfiti, ndipo mabanja awiri sanayenderane mpaka agogowo anamwalira. Palibe amene anaika imfa ziwirizi pamodzi n'kufunsa kuti, bwanji anyamata a mayi mmodzi agonthe makutu kenako afe imfa yofanana?

Anatitumiza ku Mzuzu Central Hospital, komwe anayeza magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito, anaunika m'mimba ndi makina, n'kuyezanso makutu. Madokotala anatiuza mosabisa kuti kutsimikiza kotheratu kumafuna kuyeza majini, zomwe ndi zodula ndipo nthawi zambiri magazi amatumizidwa kunja. Koma zinthu zinayi zikakumana, magazi osatha mumkodzo, mapuloteni, makutu, ndi amalume awiri akuchikazi, chithunzi chake ndi cha Alport. Nkhani yabwino inali yakuti impso zake zinali zikugwirabe ntchito bwino ndithu. Tinachedwa, koma sitinachedwe kotheratu.

Kodi Alport ndi chiyani?

Dzinali ndi la dokotala, Cecil Alport, amene anabadwira ku South Africa mu 1880 n'kukagwira ntchito ku London. Mu 1927 analemba mu British Medical Journal za banja lina la ku England lomwe anthu ake, mibadwo ingapo, ankakodza magazi ndi kugontha. Anaona chinthu chomwe amama akanachizindikira nthawi yomweyo: amuna a m'banjalo ankadwala kwambiri n'kufa msanga, pamene akazi ambiri ankakhala moyo mpaka kukalamba. Chifukwa chake chinadziwika patapita zaka zoposa 60, pamene mu 1990 asayansi anapeza jini yotchedwa COL4A5.

Kuti timvetse, tiyambe ndi impso. Munthu ali ndi impso ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati nkhonya yake, ndipo mu impso imodzi muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku timasefati timasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi. Ambiri amabwerera m'thupi, otsala, lita imodzi kapena awiri, ndiwo mkodzo. Sefa yabwino imalola madzi ndi zoipa kudutsa, koma imatsekereza maselo a magazi ndi mapuloteni kuti asatayike.

Nsalu ya sefayo imalukidwa ndi ulusi wotchedwa collagen wa mtundu wachinayi. Mwa munthu wa Alport, malangizo a m'thupi opangira ulusiwu ali ndi cholakwika chobadwa nacho. Ganizirani sefa ya ufa yolukidwa ndi waya wofooka. Poyamba imagwira ntchito, kungoti timisere tina timadutsa. Amenewo ndi magazi mumkodzo, omwe nthawi zambiri saoneka ndi maso, koma amaonekera mwana akadwala chimfine kapena chifuwa. Zaka zikamapita mabowo amakula, mapuloteni amayamba kutayika, ndiye thovu lija ndi kutupa kuja. Kenako timasefa timachita zipsera n'kufa kamodzikamodzi, BP imakwera, mpaka impso zimalephera.

Ulusi womwewo umapezekanso m'kati mwa khutu ndi m'diso. N'chifukwa chake mwana amabadwa akumva bwinobwino, koma akamayandikira unyamata makutu onse awiri amayamba kutaya mawu, makamaka mawu opyapyala okwera m'mwamba. Amamva kuti munthu akulankhula koma osagwira bwino mawuwo, makamaka pagulu. Ena amadzavutikanso ndi maso chifukwa kagalasi ka m'diso kamasintha maonekedwe.

Ndi matenda osowa, inde. Mabuku a zachipatala amatchula ziwerengero zoyambira pa munthu mmodzi mwa 5,000 mpaka mmodzi mwa 50,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Rumphi muli anthu oposa 229,000. Mukawerengetsa nokha muona kuti boma ngati lathu lingakhale ndi anthu ochepa chabe kapena makumi angapo. Koma sabalalika mwachisawawa. Amaunjikana m'mabanja, ndipo banja limene lakhudzidwa limaika maliro motsatizana.

Magazi a ndani?

Titabwerera kumudzi, nkhani inafika kwa ankhazi, alongo a adada, isanafike n'komwe kwa abusa. Mmodzi anangoti, "Ndiye kuti matendawa anabwera ndi mkazi." Amama anamva. Usiku umenewo sanadye.

Apa ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa theka la choonadi limapweteka kuposa bodza. Mwa anthu ambiri odziwika ndi Alport, pafupifupi 8 mwa 10, jini yolakwikayo imakhala pa chromosome yotchedwa X. Mkazi ali ndi ma X awiri, wina wochokera kwa mayi, wina kwa bambo. Mwamuna ali ndi X mmodzi yekha wochokera kwa mayi, ndi Y wochokera kwa bambo. Mkazi akakhala ndi X mmodzi wolakwika, winayo amathandizira, choncho matenda amakhala ofatsa. Mwamuna alibe wina womuthandiza. Ndi chimene Alport anaona mu 1927.

Mayi amene ali ndi jiniyi, mimba iliyonse imakhala ngati kuponya ndalama m'mwamba: theka mwana atengera, theka satengera, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi. Mchimwene wanga wina, wondipondera ine, anayezetsa mkodzo kawiri ndipo ulibe kanthu. Koma tamvani mbali inayi, imene ankhazi sanaimve. Bambo amene ali ndi mtundu uwu wa Alport sapatsira mwana wake wamwamuna aliyense, koma amapatsira ana ake onse aakazi, osatsalako ndi mmodzi yemwe. Ndiye mkazi amene lero akulozedwa chala, mwina anaitenga kwa bambo ake. Palinso mitundu ina ya Alport, ya majini a COL4A3 ndi COL4A4, yomwe imachokera kwa bambo kapena mayi mofanana, ndipo wina umafuna kuti makolo onse awiri akhale nayo.

Palibe amene anasankha jini imeneyi. Amama sanadye choletsedwa, sanaphwanye mwambo, sanabise kanthu pa nthawi ya malowolo. Anataya alongo awo awiri osadziwa chifukwa, ndipo tsopano akuyang'ana mwana wawo ndi mantha omwewo. Chimene chinathetsa nkhaniyi si ine ndi Google yanga ayi. Ndi adada. Lamlungu lotsatira, ankhazi onse ali pakhonde, anati mwanayo ndi wawo, mkaziyo ndi wawo, ndipo amene ali ndi mawu abweretse ndalama ya thiransipoti ya ku Mzuzu. Ankhazi omwe aja ndi amene anayamba kupereka.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti si mabanja onse amene ali ndi adada otero. Mantha olozedwa chala ndi amene amachititsa amayi kubisa mbiri ya kwawo pamaso pa dokotala, pamene mbiri imeneyo ndiyo chida chotsika mtengo kwambiri chopezera matendawa.

Kenako inafika nthawi yanga

Madokotala anati tonse a m'nyumba tiyezetse. Ine ndinazengereza milungu itatu. Ndinkadziuza kuti ndili bwino, sindinakodzepo magazi, ndimamva ngakhale kunong'ona kwa mu ofesi. Tsiku lina pa nkhomaliro ndinangolowa mu labu, n'kupereka mkodzo m'kabotolo. Anaviikamo kapepala kokhala ndi timabokosi ta mitundu. Pasanathe mphindi ziwiri kabokosi kamodzi kanasintha mtundu. Magazi. Anandiuza ndibwerenso patapita milungu iwiri, nthawi yotalikirana ndi kumwezi, kuti tisanamizidwe. Anapezekanso. Mazira a likodzo panalibe. Mwa amama namonso anapezeka, pamodzi ndi BP yomwe akhala nayo kwa zaka.

Kale akazi ngati ine ankangotchedwa onyamula matenda, ngati kuti ife ndi thumba chabe. Madokotala a impso masiku ano amati zimenezo n'zolakwika. Pafupifupi akazi onse okhala ndi jiniyi amakhala ndi magazi obisika mumkodzo, ndipo ena mwa iwo, ngakhale ndi ochepa poyerekeza ndi amuna, impso zawo zimadzalephera akamakula. Choncho nanenso ndiyenera kuyezetsa mkodzo ndi BP chaka chilichonse, ndipo ndikadzakhala woyembekezera ndidzafunika kuyang'aniridwa mwapadera.

Chovuta kwambiri chinali kuuza chibwenzi changa. Tili pa zaka ziwiri, ndipo akwawo anayamba kale kufunsa njira ya kwathu. Ndinayeserera mawu ake kangapo mu minibasi. Nditamuuza kuti mwana wathu wamwamuna aliyense adzakhala ndi mwayi theka wotengera matenda a mchimwene wanga, anakhala chete, kenako anafunsa ngati pali mankhwala. Sindinganene kuti nkhaniyi yatha. Tikukambiranabe, ndipo akwawo sanauzidwe. Koma ndinasankha kuti adziwe ng'ombe zisananyamuke, osati adzamve kuchipatala patapita zaka khumi ngati mmene anamvera adada.

Achinyamata ambiri tinazolowera kuyezetsa HIV tisanalowe m'banja, ndipo ena ayamba kufunsa za sickle cell. Funso la mbiri ya impso m'banja silifuna ngakhale jakisoni. Limangofuna kulimba mtima.

Chifukwa chake nthawi ndi chilichonse

Alport alibe mankhwala ochiritsa. Koma pali mankhwala ochedwetsa, ndipo si achilendo. Ndi gulu la mankhwala a BP lotchedwa ACE inhibitors, monga enalapril, omwe agogo ambiri m'Malawi muno amamwa kale. Amachepetsa mphamvu imene magazi amakankhira pa sefa yofooka ija, ndiye imachedwa kung'ambika.

Popanda thandizo, pafupifupi theka la amuna a mtundu wa X impso zawo zimalephera pofika zaka 25, ndipo 9 mwa 10 pofika zaka 40. Asibweni anga anagwera m'chiwerengero chimenecho ndendende. Koma kafukufuku wa ku Ulaya wofalitsidwa mu 2012, wotsogozedwa ndi Oliver Gross wa ku Göttingen m'dziko la Germany, anapeza kuti mwa odwala osalandira mankhwalawa, theka linali litafika pa dialysis pa zaka 22, pamene mwa amene anayamba kumwa mapuloteni atangooneka mumkodzo impso zikadali zolimba, theka linafika pa dialysis pa zaka 40. Amene anayamba impso zitafooka kale anapindula zaka zochepa chabe. Kusiyana kwa 22 ndi 40 ndi sukulu yonse, ntchito, banja, ana.

Ku Germany zaka zimenezo n'zofunika. Ku Rumphi ndi moyo weniweniwo. Dialysis ndi kulumikizidwa ku makina osefa magazi kwa maola pafupifupi anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, kwa moyo wonse kapena mpaka munthu apeze impso ina. Kwa zaka zambiri zipatala za boma zokhala ndi makinawa zinali ziwiri zokha, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Kuchokera pa boma la Rumphi kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 400. Kwa munthu wa ku Hewe, wa ku Phoka kapena wa ku Tcharo kumene ulendo umayamba ndi boti, zimenezo zimatanthauza kusamuka, kusiya munda ndi kukakhala kwa wachibale m'tauni. Ngakhale makina atakhala pafupi ngati ku Mzuzu, thiransipoti ya kawiri pa sabata ingathe khola la ng'ombe chaka chisanathe. Kuika impso ina kumathandiza bwino odwala Alport, koma Amalawi amene amachitidwa opaleshoni imeneyi amapita kunja, kawirikawiri ku India. Komanso wachibale wofuna kupereka impso ayenera kuyezedwa kaye, chifukwa mayi amene angafune kupereka yake mosaganiza kawiri angakhale kuti nayenso akuifuna.

N'chifukwa chake kapiritsi ka m'mawa kaja kwathu sitikaseweretsa. Pamodzi ndi iko, tinapatsidwa malamulo ena. Mchere uchepe, zomwe ndi nkhondo kwa mwana wokulira pa usipa wouma ndi tchipisi cha pa chiwaya. Mutu ukawawa amwe panado, osati brufen, diclofenac kapena indosidi zogula pa golosale, chifukwa zimenezi zimapweteka impso. Mankhwala azitsamba osadziwika zosakaniza zake, ayi. Fodya, ayi. Akatsekula m'mimba kwambiri kapena kusanza, apite kuchipatala msanga n'kunena kuti amamwa enalapril. Akafuna kumubaya jakisoni, atchule za impso ndi makutu ake, chifukwa mankhwala ena monga gentamicin amatha kuvulaza ziwalo ziwiri zomwezi. Ndipo kwa ife akazi, mankhwala a gulu la enalapril saloledwa pa mimba chifukwa amavulaza mwana, choncho osangotenga a mchimwene n'kuyamba kumwa. Zonsezi ndi za dokotala, amene amayezanso magazi kuti aone ngati thupi likugwirizana nawo.

Tisanyoze likodzo

Pasapezeke wowerenga nkhaniyi n'kuletsa mwana kumwa praziquantel. Likodzo lilipo, ndi lofala, ndipo mwa ana ambiri a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi amene akukodza magazi, vuto ndi lomwelo. Timphutsi take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu, ndipo mazira ake amavulaza chikhodzodzo. Likasiyidwa zaka zambiri limatha kutseka njira za mkodzo, kuononga impso, ngakhale kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Azaumoyo amene ankapatsa mchimwene wanga mankhwala sanali opusa. Pa chipatala chopanda labu, mzere utafika panja, anachita chimene chimathandiza ana ambiri.

Vuto ndi pamene yankho limodzi latseka mafunso ena onse. Pali zinthu zimene kholo kapena mkulu wa mwana angaone yekha. Magazi a likodzo kawirikawiri amakhala ofiira ndithu, amatuluka kumapeto kwa kukodza, ndipo nthawi zina pamakhala ululu. Magazi ochokera mu sefa ya impso nthawi zambiri amadetsa mkodzo wonse kukhala ngati tiyi kapena Coca-Cola, popanda ululu, ndipo amakonda kubwera mwana akadwala chimfine. Mkodzo wakuda ungabwerenso ndi malungo aakulu, sickle cell kapena matenda ena a impso, choncho kusiyanitsa kwenikweni ndi kwa labu.

Ngati mwana wamwa mankhwala a likodzo koma vuto likungobwerera, pemphani kuti mkodzo uunikidwe pa maikulosikopu. Funsani ngati mazira apezeka. Funsani ngati muli mapuloteni. Pemphani kuti amuyeze BP, chifukwa ana kawirikawiri sayezedwa pokhapokha wina akumbutse. Zimenezi zimatheka pa zipatala zokhala ndi labu, monga cha boma ku Rumphi kapena David Gordon Memorial ku Livingstonia. Ndipo musanapite, khalani pansi ndi amayi kapena agogo muwafunse za akuchikazi: ndani anamwalira ali mnyamata, anatupa kodi, ankamva bwino? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinadya kwa zaka 9.

Chaka chilichonse tsiku lomaliza la February dziko lapansi limakumbukira matenda osowa, ndipo Lachinayi lachiwiri la March ndi tsiku la impso. Masiku amenewa ife atolankhani timakonda kulemba za kuchepa kwa makina a dialysis, ndipo n'zoona, ndi ochepa. Koma sindinalembepo za kapepala koviika mumkodzo, kamene kakanakhala m'chipatala chaching'ono chilichonse ndi m'chikwama cha amene amayendera sukulu, kakanatulukira ana ngati mchimwene wanga, komanso ena ambiri a shuga ndi BP, impso zisanafike pofuna makina.

Ulendo wa ku Henga

Mwezi watha ine ndi amama tinapita kwawo. Ndinatenga kope n'kujambula banja lonse kuyambira pa agogo aakazi, amene akadali moyo ndipo amamwa mankhwala a BP. Amuna mabokosi, akazi mizere yozungulira, monga anandionetsera adokotala a ku Mzuzu. Titafika pa asibweni aang'ono, aja anamwalira ali ndi zaka 27, cholembera chinaima. Anasiya mwana mmodzi, wamkazi, msuweni wanga, wocheperapo kwa ine ndi chaka chimodzi. Ngati bambo ake anali ndi Alport, iye jiniyo ali nayo. Ndipo pakhomo pomwepo pankasewera mwana wake wamwamuna wa zaka zitatu, akukoka galimoto ya mawaya.

Amama ndi amene analankhula, m'Chitumbuka, mofatsa, atakhala naye pa mphasa kuseri kwa nkhokwe. Anamuuza kuti bambo ake sanalodzedwe. Msuweni wanga analira, ndipo chimene anafunsa choyamba chinali chokhudza agogo aja anatchulidwa ufiti, ngati ana awo adzauzidwa. Amama anati adzapita okha kukawauza.

Kamnyamatako kanayezedwa patapita sabata, ndipo adzakayezanso, chifukwa kuyeza kamodzi sikokwanira. Mchimwene wanga ali pa mndandanda wodikira zipangizo zothandizira kumva. Pakadali pano amakhala kutsogolo m'kalasi, ndipo aphunzitsi ake akudziwa kuti ayenera kumuyang'ana kumaso akamalankhula. Dzulo ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti mapiritsi atsala a masiku asanu, ndisaiwale ya thiransipoti. Ndatumiza m'mawa uno pa foni ya amama, ndipo Lachitatu akwera Chiweta kukatenga ena.